Mizele Iwili ya Esinati

Monire mose, adada na amama. Achewa anzanga, muli bwanji? Mundilole ndilankhule Chichewa, chifukwa Chitumbuka changa ndi chopemphela madzi osamba chabe. Malemu mkazi wanga, NyaMtonga, ankati ndikachilankhula nkhuku zimathawa pakhomo.

Ine ndine Lazalo Mwale, wa konkuno ku Chikomeni, tsidya lija la dambo. Ena mukundidziwa, ndipo ndaona mwayamba kale kutsinana. Tsinanani, palibe mlandu: ndine yemwe uja munkandidumpha ndili chigonele m'njila, kukamwa kuli yasa. Mwaonanso kuti ndatembenuza benchi kuti ndiyang'ane kumsewu. Sikukupeputsani ayi. Maso anga akamathawila uko mundikhululukile, ndikuuzani chifukwa chake ndisanatsike pano.

Mai Lungu, amene akutsogolela gulu la makololi, andipempha kuti ndikuuzeni inu oyamba kumene mmene ine ndinayendela. Ndavomela chifukwa ndinabeleka ana aakazi awili, ndipo mmodzi ndinam'thamangitsa ndi dzanja langali. Dzina lake ndi Esinati. Papita zaka zisanu osaponda pakhomo panga, ndipo ndimam'sowa kuposa mmene pakamwa panga pangathele kunena.

Kale ndinali munthu. Chigafa changa cha fodya sichinkachititsa manyazi, ndinali ndi ng'ombe ziwili zolimila, ngolo ndi njinga. Esinati ali wamng'ono ndinkam'khazika pamwamba pa mapesi m'ngolo, iye n'kumakalipila ng'ombe ndi kamau kake, ng'ombezo osam'samala n'komwe. Posankha fodya anali ndi diso kuposa ine, tsamba lothimbilila ankaliona lisanafike m'manja mwanga. Sindikumbuka kuti ndinamuuzapo zimenezo.

Chaka chija cha chilala, chimene tinadya chimanga chachikasu, NyaMtonga anadwala miyezi itatu n'kutisiya. Esinati anali ndi zaka khumi ndi zitatu, mng'ono wake Judisi zisanu ndi zitatu. Alamu anga a ku Mphamba anati, "Tipatseni ana tikalele." Ndinakana, osati chifukwa cha chikondi, koma kuopa kuti anthu anganene kuti Lazalo walephela.

Kachasu ndinamuyamba pamalilo pomwepo, ati kuti tulo tibwele. Tulo tinabweladi, zina zonse n'kupita. Ng'ombe imodzi inafa yokha, inayo ndinaimwa. Ngolo ndinaimwa, kuyambila mateyala. Njinga ndinaimwa. Chigafa chinagwa ndi mvula ndili kumowa, ndipo mitengo yake ndinasinthanitsa ndi botolo. Pa zonse za ulimi wanga chinatsala ndi chikwapu cha ng'ombe, chachikopa, cha mpini wa mtengo wolimba. Ng'ombe zoti ndikwapule panalibe. Panali ana.

Pano ndinene chinthu chimene abambo ambili muno mukuchidziwa. Mtsikana akatha msinkhu, alangizi amamuuza kuti asakhale pafupi ndi atate ake, asalowe kuchipinda kwao, akafuna kanthu adzele kwa amai. Ifenso abambo timauzidwa chimodzimodzi. Mwambowo ndi wabwino, umateteza mwana. Koma pakhomo panga mlatho anali NyaMtonga, ndipo mlathowo unagwa. Ine ndinatsala tsidya lino, Esinati tsidya linalo, ndipo palibe anationetsa pena powolokela. Zaka ziwili sindinam'funse kuti wadzuka bwanji. Ndinkati ndikusunga ulemu. Dzanja langa silinam'khudzepo ngakhale paphewa, zoona, koma chikwapu chinkam'khudza sabata iliyonse: ndiwo zikapanda mchele, madzi akachedwa, akandiyang'ana kumaso. Ndiye ulemu wake umenewo.

Palinso mwambo wina, ndipo uwu ndi umene ndinauphwanya poyela. Kwathu kuno mwana akayamba kugwila khasu amam'dulila kamunda kake. Chimene wakolola m'menemo n'chake. Atate anga anali munthu wouma mtima, koma ngakhale nkhokwe yao itauma sanakhudzepo kamunda kanga. Ka Esinati kanali pafupi ndi chulu, kuseli kwa nyumba. Ankabzalamo mtedza wa chalimbana, nshawa zikuluzikulu zija, mbewu imene amai ake anabwela nayo kuchokela kwao ku Mphamba pokwatiwa. Chaka chimenecho anali giledi seveni, ndipo aphunzitsi ankati akhoza. Analima yekha, kupalila yekha, kuthothola yekha, n'kumata kankhokwe kake ndi dothi. Ankafuna adzagule yunifomu ndi nsapato za ku sekondale. Ine ndinkadziwa zonsezi, musaganize kuti sindinkadziwa.

Loweluka lina anapita kuchigayo. Ine pakhosi panali pouma, m'thumba mulibe kanthu. Ndinatenga khasu, n'kuboola kankhokwe kaja, n'kuwolela zonse m'matumba. Ogula anali pamsewu ndi sikelo yao. Pofika masana, mtedza wa mwana wanga unali m'mutu mwanga.

Nditabwela pakhomo dzuwa litapendeka, ndinam'peza ataima pa kankhokwe kobooka kaja, ufa wa kuchigayo ukali m'tsitsi. Sanagwade. Anandiyang'ana n'kuti, "Adada, nshawa zanga zili kuti?"

Abale, funso lake silinandipweteke. Chinandipweteka n'chakuti anaima chilili. Ndinati, "Iwe ukulankhula ndi ndani utaima ngati mtengo?" Iye anati, "Munali mbewu ya amama m'menemo." Pamenepo ndinatenga chikwapu. Chikopa chitandikulunga padzanja ndinayamba kum'menya ndi mpini, ndipo mpiniwo unagwela pakhutu lakumanzele. Magazi anatsika mpaka pakolala ya delesi. Judisi anali pakhonde, akuona. Anansi anga aNyaZimba anali kuseli kwa mpanda wao, naonso akumva, koma paja amati za m'nyumba ya eni salowelela.

M'mawa mwake Esinati anatenga ndowa kupita kuchitsime. Ndowayo inabwela ndi anthu ena.

Ndinamva kuti wafika kwa amalume ake ku Mphamba. Ndinati, "Musiyeni, njala im'bweza." Njala sinam'bweze. Sukulu inathela pomwepo, ndipo chaka chisanathe amalume akewo anam'kwatitsa kwa munthu wa ng'ombe zake, mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ine nkhaniyo ndinaimvela kumowa. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati, "Nanga ng'ombe yanga ine bambo wake ili kuti?" Anzanga anaseka, inenso ndinaseka. Pansi penipeni panga panali pamenepo, ndipo ndinagonapo nthawi yaitali osamva kuzizila.

Gulu la makololi litayamba kumudzi kwathu, sindinapite kuti ndikasinthe ayi. Ndinamva kuti kusukulu kwabwela mai wina wa njinga, nesi wopuma pantchito, ndipo akulemba maina. Kuno kwathu polemba maina pamakhala feteleza. Ndinasamba, n'kuvala jekete, n'kukakhala kutsogolo. Mai Lungu atayamba kunena za kulela ana osawamenya, ndinaseka mokweza. Ndinati, "Mai, ife tinakula ndi chikoti, nanga tinafa? M'mela mpoyamba."

Iwo sanakwiye. Anati, "Zoona, a Mwale. Nanga fodya wa panazale mumamuongola ndi chibonga?" Anthu anaseka. Kenako anati, "Mubwelenso Lachinai, tili ndi kasewelo kosowa mwamuna wa mau aakulu ngati anuwa."

Ndinabwela, kaili munthu akakuyamikila mau umabwela.

Lachinai limenelo tinakhala m'kalasi ya giledi wani, pa timabenchi ta ana, maondo kufika kuchibwano. Mai Lungu anati tichite sewelo la kholo ndi mwana. Ine ndinaimilila msanga, ndikudziwa kuti gawo la bambo ndi langa. Iwo anati, "Ayi, inu mukhala mtsikana. Gwadani apa." Anandimanga chitenje m'chiuno, anthu n'kuseka mpaka misozi. Ndinagwada pasimenti. Kenako anafunsa kuti ndani akhala bambo. Amene anaimilila ndi aNyaZimba, anansi anga aja, mai wamfupi woti ndikaima amandilekeza m'khwapa. Anawapatsa phesi la chimanga m'malo mwa chikwapu.

Anayamba ndi kuyenda dzandidzandi, anthu n'kusekanso. Kenako anaima pamutu panga n'kusintha mau.

"Iwe galu! Ukundiyang'ana chiyani? Unalekelanji kufa ndiwe, amako n'kutsala?"

Kuseka kunatha. Mau amenewo sanali opeka. Anali anga, ndendende, ngakhale pokokela mpweya.

"Pakhomo pano chilichonse n'changa! Ngakhale iweyo ndiwe wanga, ndikhoza kukuthyola n'kukutaya kudzala, palibe angandifunse!"

Zaka zonse zija mai ameneyu ankamva kuseli kwa mpanda, n'kusunga liu lililonse monga amasungila nyimbo za kwaya. Ine mau amenewo ndinali ndisanawamvepo mutu uli wopanda mowa, ndiponso ndinali ndisanawamvele kuchokela pansi. Munthu ukagwada, wokuimilila amaoneka wamkulu ngati nkhokwe, ngakhale akhale aNyaZimba. Atakweza phesi lija, manja anga anapita okha kumutu. Phesi chabe, abale, loti mwana amathyola ndi zala ziwili. Ndinamva mkodzo ukufuna kutuluka.

Phesilo silinatsike. ANyaZimba analiponya pansi n'kuyamba kulila. Anati, "A Mwale, ine ndinalipo tsiku lija. Ndinamva mwana akuitana amai ake amene ali kumanda, ndipo ndinapitiliza kupeta. Mlanduwu nanenso ndi wanga."

Mai Lungu anandifunsa mofatsa, ndikali chigwadile, "Mwana iwe, ukumva bwanji mumtima?" Ndinafuna kuyankha zoseketsa. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndifuna kuthawa."

Anati, "Eya. Ndiye wanu uja anathawadi."

Ndinavula chitenje n'kutuluka osatsazika. Nditafika kunyumba ndinapeza Judisi akusesa pabwalo, tsopano ali ndi zaka khumi ndi ziwili. Kunkatentha, ndiye ndinakweza dzanja kuti ndivule chipewa. Mwanayo anagwetsa tsache, n'kunyonyomala, n'kuphimba khutu lakumanzele. Khutu lakumanzele, abale. Iyeyo ndinali ndisanam'menyepo pakhutu. Ankateteza pamene anaona mkulu wake akutuluka magazi. Ndinakhala pansi pomwepo, padothi, chipewa chili m'manja, ndipo ndinalila koyamba chimwalilile NyaMtonga.

Tsopano ndikuuzeni zimene tinachita, chifukwa kulila kokha sikulela mwana.

Chikwapu ndinakachipeleka kwa aNyaZimba. Mpaka lelo amamangila mbuzi yao, ndipo mbuziyo sindinaimvepo ikudandaula. Pamaso pa gulu ndinawapatsa chilolezo, iwo ndi amuna ao: mukamva mau akwela kwa Lazalo, musaodile, lowani. Anzanga akumowa ankati ndadzivula ufumu pakhomo panga. Ufumu wotani woti anthu ako amanyonyomala ukamavula chipewa?

Mai Lungu anatiphunzitsa kuti mkwiyo umayamba m'thupi usanafike m'dzanja. Wanga umayambila kukhosi kuno, kumatentha. Ndikaumva ndimatuluka osanena kanthu, ndimapita pachulu n'kubwelela. Ukapanda kuzizila ndimapitanso. Miyezi yoyamba ndinapondelela njila yeniyeni, yoti mbuzi zinayamba kuitsata. Njila ya kumsika ndinasinthanso, chifukwa yakale imadutsa pakhomo potchezela kachasu, ndipo mphuno yanga ilibe nzelu. Ndimazungulila kudambo, ngakhale kutalike.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Pamalilo ena ndinalawa kapu imodzi, kapuyo n'kuitana inzake. Ndinafika pakhomo masanasana ndikukuwa za nkhuku yosowa, dzanja lili m'mwamba. ANyaZimba analowa osaodila, mthiko uli m'manja, n'kuima pakati pa ine ndi mwana. Sananene zambili. Anati, "Lachinai mukanena nokha, kapena ndikanene ndine?" Ndinakanena ndekha, nditaima pamaso pa anthu onse. Palibe anandinyoza, ndipo kusandinyozako n'kumene kunandipweteka kwambili. Kuyambila pamenepo kapu sindinaigwilenso.

Koma ntchito yovuta kuposa kusiya mowa inali iyi: tsiku lililonse unene chinthu chimodzi chabwino chimene mwana wachita, ndipo ukhale naye kanthawi pantchito imodzi, iye azilankhula, iwe uzimva. Ndinafunsa, "Nanga mwambo?" Mai Lungu anati, "Mwambo unaletsa kuchipinda, sunaletse pabwalo. Khalani poyela, mphasa ziwili, lichelo pakati." Tsiku loyamba ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuona mvula, n'kuti, "Judisi, wasesa bwino." Mwanayo anathamangila kwa aNyaZimba kukanena kuti adada ayamba misala.

Tinapitiliza. Dzuwa lisanalowe tinkatonola chimanga cha kuchigayo, ine uku iye uko. Sabata yoyamba kunali zii, kumangomveka chimanga chikugwela m'lichelo. Yachiwili anandiuza za mphunzitsi wao wa masamu amene amagona m'kalasi. Ine pakamwa pankandiyabwa kuti ndimudule, ndimulangize, koma ndinkaluma lilime. Patapita miyezi iwili, tsiku lina anaika chitsononkho pansi n'kuti, "Adada, ndikakuonetsani kanthu simudzagulitsa?"

Ndinalumbila. Ananditengela kumunda kwa aNyaZimba, pakona, pomwe panali timizele tisanu ta mtedza wobiliwila. Anati, "Iyi ndi mbewu ya a Esinati. Anapatulako pang'ono n'kusunga mumtsuko kwa aNyaZimba, kuopa inu. Mtedza ukagona zaka sumela, ndiye timabzala chaka chilichonse kuti isafe."

Ana anga ankabisa mbewu ya amai ao kwa atate ao, monga timaibisila kwa makoswe. Nyengo yotsatila ndinalima kamunda ka pachulu kaja n'kubwezelamo mbewuyo, ndipo kankhokwe ndinakamatanso pamene ndinaboola. Ndimalima chaka chilichonse. Sindidyako, sindigulitsako popanda mau a mwini wake. Ndikamapalila m'menemo ndimalankhula naye, ndimamuuza zonse zimene ndinayenela kumuuza ali pafupi, zoti anali ndi diso la fodya, zoti ankamata nkhokwe bwino kuposa amai ake. Odutsa amati Lazalo akutsutsana ndi chulu.

Tsono ndinafuna kupepesa kwa Esinati, ndipo apa ndinalakwanso mwa chikwathu. Inu mukudziwa, wamkulu sapepesa mwana ndi pakamwa. Amatuma munthu ndi nkhuku, nkhani n'kutha. Ndinagwila thadzi lonenepa, n'kutuma aNyaZimba pa lole ya kuboma. Patapita masiku atatu anabwela nalo, miyendo ili chimangile. Ndinati mwina lachepa. Ndinatumiza tambala woyela, wamkulu, wa lipombo lake. Nayenso anabwela. Tambala ameneyo anaona dziko kuposa mwini wake.

Ndinakadandaula kugulu kuti mwanayo ndi wamwano, wabweza nkhuku kawili. Mai Lungu anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "A Mwale, kodi amene anam'menya mwanayo ndi tambala?"

Ndinati ayi.

"Nanga mukutumilanji tambala? Dzanja linapita lokha, pakamwa papitenso pokha."

Titakolola, ndinadzaza thumba ndi mtedza wosaswa n'kulimanga pa njinga yobweleka. Ndinanyamuka m'mamawa, paboma ndinadutsa dzuwa lili pamutu, ndipo ku Mphamba ndinafika litapendeka. Kawili konse ndinatsika panjinga kufuna kubwelela. Njila yonse ndinkayeseza mau atatu okha, ngati mwana wa sukulu.

Anandikhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, apongozi a Esinati ndi anthu ena ali pomwepo. Esinati anatuluka m'nyumba atabeleka mwana kumbuyo. Anali atatalika, nkhope ya amai ake yeniyeni. Anagwada patali, monga amagwadila mlendo wosam'dziwa, n'kuti, "Monire, adada." Chichewa changa anali atachisiya pamodzi ndi ndowa ija. Nditayankha, anatembenuza mutu kuti andipatse khutu lakumanja. Pamenepo ndinadziwa kuti linalo silimva, ndipo silidzamvanso.

Ndinatsika pampando. Ndinagwada padothi, ine bambo wa imvi, pamaso pa asewele anga. Ndinati, "Mwana wanga, ndinalakwa." Mau atatu aja atatuluka, ena anatsatila okha. "Ndinaba mtedza wako, ndinakugonthetsa khutu, ndinakulanda sukulu. Iwe sunalakwe kanthu. Sindinabwele kudzakutenga, ndabwela kudzanena zimenezi ndi pakamwa panga."

Anthu anayang'ana kumbali. Apongozi ake aakazi anakhosomola. Esinati anati, "Wukani, adada, wanthu wakumuwonani." Ndinati andione. Ndinali nditagwadapo kale pamaso pa anthu nditavala chitenje, apa panalibe chachilendo.

Sanandiuze kuti wandikhululukila, ndipo sindikunamizani kuti anatelo. Anapita pathumba paja, n'kumasula, n'kuswa mtedza umodzi ndi chala. Anauyang'ana nthawi yaitali m'dzanja. Kenako analankhula Chichewa, motsitsa mau: "Iyi ndi mbewu ya amama." Ndinati, "Ndi yako. Yachokela pachulu." Anatapa mbale imodzi yokha. Thumbalo anati ndibwelele nalo, ndikam'gulile Judisi yunifomu. Mdzukulu wanga sanandipatse kuti ndim'nyamule, ndipo sindinapemphe. Ndinangoona kaphazi kake kakulendewela m'chitenje, ndipo kaphazi kameneko ndimakaona mpaka lelo ndikatsinzina.

Judisi pano ali giledi eiti, ndipo yunifomu yake inachokela m'thumba limenelo. Amanditsutsa ataima chilili, ine n'kumamva kukoma.

Mvula ya chaka chatha isanagwe, kunabwela uthenga wa Esinati ndi munthu wa pa lole: "Mukawauze adada, mizele iwili ya kufupi ndi chulu asabzale." Sanaonjezepo kanthu. Ndinaunga mizeleyo bwinobwino n'kuisiya. Mvula inagwa, anthu anabzala, anapalila, anakolola. Iye sanabwele. Mizele iwili ija inakhala yopanda kanthu pakati pa munda wobiliwila, ngati pamene paguluka mano, ine n'kumaizulila udzu. Anzanga ankati, "Lazalo, nthaka sidikila munthu, ponyamo nyemba." Ndinakana. Munda umenewo ndinam'landa kale kamodzi.

Pambuyo pake ndinamva kuti Esinati anakumana paboma ndi munthu wa kuno, n'kum'funsa ngati mizele ija ndinaisiyadi. Atauzidwa kuti inde, nyengo yonse, ati anangokonza mwana kumbuyo n'kumapita.

Chaka chino ndaisiyanso. Mvula yagwa kawili. Lachiwili lapitali lole ya kuboma inaima panjila yathu, ndipo dalaivala anatsitsa khasu lomangidwa kansalu pampini, ati la kwa a Mwale. Khasu la munthu wamkazi, lopepuka, mpini wake wosalala ndi manja. Kalata panalibe. Inu ndinu alimi, mukudziwa kuti nyengo ino munthu satumiza khasu lake kumene sakupitako. Ndaliimika pakhonde, ndipo m'mawa ulionse ndimayamba ndaliona ilo ndisanasukusule.

Mwina muno muli wina amene wabwela chifukwa anamva kuti akulemba maina. Feteleza kulibe, ndakuuzilanitu. Koma musachoke. Lachinai akakuuzani kuti mugwade, gwadani. Wanu mwana akali pakhomo, mwina akusesa pano tikunena pano, ndipo mukhoza kumuuza lelo lomwe kuti wasesa bwino, makutu ake onse awili akumva, osapalasa njinga tsiku lathunthu. Ine mwai umenewo ndinaumwa.

Mundikhululukile, pemphelo lotsekela sindikhalapo. Lole ija imadutsa dzuwa likafika pamwamba pa mitengo iyo, ndipo sindifuna kuti atsike n'kupeza panjila palibe munthu. Mbewu ya mizele iwili ndaswa kale, ili m'thumba la jekete muno. Yewo.